Deus Ex ndi System Shock 2: yoyamba nayo ndi iti, nanga iliyonse imakhumudwitsa pati?

Magemu awiriwa anatuluka motsatizana. System Shock 2 inabwera mu Ogasiti 1999 kuchokera ku Irrational Games ndi Looking Glass Studios, ndipo Deus Ex inatsatira mu Juni 2000 kuchokera ku Ion Storm, motsogozedwa ndi Warren Spector. Monsemo mumaona dziko ndi maso a munthu amene mukumuyendetsa, mfuti ili patsogolo, koma kuti mdani agwe sizidalira dzanja lanu lokha. Zimadaliranso manambala a luso amene mwamugulira munthuyo. Anthu amakonda kuwatchulira pamodzi ngati mapasa, koma mukangosewera ola limodzi muona kuti manambalawo amagwira ntchito zosiyana. Mu System Shock 2 nambala ndi loko: ikapanda kukwana, chinthucho simuchigwira n'komwe. Mu Deus Ex nambala ndi mtengo: ikachepa mudutsabe, koma mulipira zambiri kapena muzungulira njira ina. Ubwino ndi zofooka za magemu onsewa zimachokera pamenepa.

Tiyambe ndi mmene munthu wanu amakulira. Mu System Shock 2 mumasankha nthambi imodzi mwa zitatu, Marines, Navy kapena OSA, kenaka mumadutsa zaka zitatu za maphunziro, chaka chilichonse n'kusankha ntchito imodzi mwa zitatu. Mukadzuka m'chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Von Braun, m'chaka cha 2114, luso lonse limagulidwa ndi ma cyber module, omwe mumapatsidwa mukamaliza ntchito kapena kuwatola m'makona obisika. Ndi owerengeka, ndipo mukawagwiritsa ntchito sabwerera. Luso la zida lili panayi: Standard, Energy, Heavy ndi Exotic. Mfuti ya pisito imafuna Standard 1, shotigani imafuna 3, ndipo assault rifle, yomwe ndi mfuti yodalirika kuposa zonse m'gemuyi, imafuna 6, mlingo wotsiriza. Muli ndi 5, mfutiyo mungoinyamula m'chikwama ngati chitsulo wamba. Ichi ndiye chimene chimapweteka ongoyamba kumene. Munthu amamwaza ma module pang'ono apa pang'ono apo, kuti alaweko zonse, ndiye pofika pakati pa gemu alibe chida ngakhale chimodzi champhamvu pamene adani akula.

Njira yosavuta kwa woyamba ndi Navy, yokhala ndi Standard, Hack ndi Maintenance, kenaka Strength pang'ono chifukwa ndi imene imatsegula malo ena m'chikwama. Research ya mlingo woyamba musaiiwale: pa deki (nsanjika ya chombo) ya Hydroponics mudzayenera kufufuza mankhwala otchedwa Toxin-A kuti nkhani ipitirire. Repair njosafunika kwenikweni ngati mumasamala zida zisanafe. Exotic imakopa maso koma zida zake zimabwera mochedwa ndipo zipolopolo zake n'zosowa. OSA, nthambi yogwiritsa ntchito mphamvu za m'maganizo, ili ndi magawo asanu a mphamvu ndipo ndi yokoma kwa amene akusewera kachiwiri. Kwa woyamba ndi msampha, chifukwa dzina la mphamvu silikuuzani ngati idzakuthandizani, ndipo zingapo mwa izo mungazigule n'kudzazigwiritsa ntchito kawiri kokha.

Deus Ex inagawa nkhaniyi pawiri, ndipo apa inachita bwino kwambiri. Mbali yoyamba ndi maluso 11, lililonse lili ndi milingo inayi: Untrained, Trained, Advanced ndi Master. Mumayamba ndi mapointi 5000 ogawa, ndipo ena mumawapeza pomaliza ntchito ndi pofika malo obisika, osati popha anthu. Mbali yachiwiri ndi zipangizo zoikidwa m'thupi la JC Denton, munthu amene mumamuyendetsa. Kabotolo kalikonse kamene mwapeza kali ndi zinthu ziwiri, inu mumasankha chimodzi pa loboti ya chipatala, ndipo china chija mwachitaya. M'miyendo musankhe liwiro ndi kulumpha, kapena kuyenda mopanda phokoso. M'manja musankhe mphamvu zomenyera, kapena zonyamulira mabokosi olemera. Pafupifupi chilichonse chimakwezedwa mpaka mlingo wachinayi ndipo chimadya magetsi a m'thupi nthawi yonse chikayatsidwa.

Taonani chitseko chimodzi chokhoma kuti mumvetse kusiyanaku. Mu Deus Ex loko iliyonse ili ndi mphamvu yolembedwa m'maperesenti. Wopanda luso, kachitsulo kothyolera loko kamodzi kamachotsa 10 peresenti, Trained 25, Advanced 40, Master 75. Choncho loko ya 50 peresenti idya tizitsulo tisanu kwa wosadziwa, tiwiri kwa Trained, kamodzi kwa Master. Mulibe tizitsulo? Zitseko zambiri zimaphulika ndi bomba la LAM kapena roketi. Simukufuna phokoso? Kiyi ali m'thumba la mlonda wina, kapena nambala yalembedwa pa kachipangizo kali pa desiki m'chipinda chapafupi, kapena pali mpaipi wa mpweya kuseri kwa mabokosi. N'chifukwa chake n'kovuta kuwononga munthu wanu mu Deus Ex. Ngakhale amene wataya mapointi pa Swimming ndi Environmental Training, maluso awiri amene ntchito yake ndi yochepa, amafikabe kumapeto. Lofunika msanga ndi Computer pa Trained, chifukwa limakulolani kulowa m'makompyuta a chitetezo n'kuzimitsa makamera, komanso kutulutsa ndalama m'makina a banki.

Pa kuwombera kwenikweniko, System Shock 2 ndiyo imakoma m'manja. Mfuti imaloza pamene mwaloza, ndipo nzeru yagona posankha chipolopolo: chachizolowezi, choboola zitsulo cha maloboti ndi mfuti zodziwombera zokha, ndi chong'amba mnofu cha zilombo. Kulakwitsa mtundu n'kutaya theka la magazini pachabe. Vuto lake lalikulu ndi kutha kwa zida. Mfuti iliyonse ili ndi nambala ya thanzi lake yofika 10, ndipo imatsika mwachangu chosayembekezeka. Pisito yabwinobwino imatha kufooka mutangowombera magazini ochepa, kenaka n'kukanirira pamene chilombo chili pamphuno panu. Mankhwala ake ndi kachida ka Maintenance, ndipo kamabwezeretsa zambiri luso lanu likakhala lokwera, choncho kusunga tizidato mpaka mutakweza luso kumapindulitsa. Ambiri amapulumukira pa sipanala. Sichitha, sichifuna zipolopolo, ndipo mdani woyamba uja wonyamula chipaipi amagwa nacho mukadziwa kachitidwe kake: muyandikire, akakweza mkono bwererani m'mbuyo, akaphonya lowani mumenye. Opanga gemuyi anamva madandaulo ndipo analola kuti munthu achepetse kutha kwa zida ndi kubwerabwera kwa adani polemba mizere mu fayilo ya user.cfg. Kuchepetsako n'kwanzeru, koma kuzimitsiratu kumachotsa mtima wa gemu.

Mu Deus Ex kuwombera koyambirira n'kokhumudwitsa, tisabise. Timizere toonetsa polasa timatalikirana kwambiri, ndipo muyenera kuima chilili masekondi angapo kuti tiyandikirane. Mukasuntha tatalikirananso. Wobwera kuchokera ku magemu othamanga uku akuwombera amafa pa Liberty Island, malo oyamba a gemuyi, mobwerezabwereza n'kuganiza kuti gemu ndi yowonongeka. Siyowonongeka: ikukuuzani kuti munyonyomale, muyende kumbuyo kwa mlonda, mumugwetse ndi ndodo yamagetsi pamsana. Pa doko pomwepo mkulu wanu Paul amakupatsani mwayi wosankha chida chimodzi mwa zitatu. Mfuti yolasa patali imathandiza pamalo otseguka. Kauta kakang'ono kali ndi mivi yogonetsa, koma wolasidwayo sagwa pomwepo, amathamanga kaye masekondi angapo ndipo akhoza kuliza alamu. Mfuti ya roketi ya GEP imadya malo 8 mwa malo 30 a m'chikwama, koma imathyola maloboti, makamera ndi zitseko, moti imalowa m'malo mwa maluso awiri kapena atatu. Kwa woyamba ndi imene ili yanzeru kutenga, ngakhale njolemera ndipo imachedwetsa kuyenda mukaigwira m'manja.

Thupi la JC linagawidwanso zigawo: mutu, chifuwa, manja awiri ndi miyendo iwiri. Dzanja likavulala kulasa kumasokonekera, miyendo yonse ikatha mumakwawa pansi. Ndi lingaliro labwino, koma gemu imadziwonongera yokha chapakati. Mukangopeza Regeneration, chipangizo cha m'thupi chopoletsa mabala, kuvulala sikukhalanso nkhani malinga magetsi alipo, ndipo lupanga la Dragon's Tooth limene mumapeza ku Hong Kong limadula pafupifupi mdani aliyense ndi zitseko zambiri. Kuyambira pamenepo mantha amatha. Adaninso nzeru zawo n'zochepa: amakuonani, amathamangathamanga uku ndi uku, mukabisala kanthawi amabwerera pamalo pawo ngati palibe chachitika, mtembo wa mnzawo uli pomwepo.

System Shock 2 sikulolani kupuma choncho, ndipo apa ndi pamene imaposa mnzake kutali. Mukatsegula chikwama nthawi siiima. Mukamawerenga uthenga kapena kulimbana ndi loko ya bokosi, chilombo chikhoza kukhala chikubwera m'khonde. Malo amene munayeretsa kale amadzazanso. Kamera ikakuonani kwa masekondi angapo alamu imalira ndipo adani amabwera mpaka nthawi yake itatha kapena mutakaizimitsa pa kompyuta ya chitetezo, choncho kamera iliyonse iswedwe musanalowe m'chipinda. Makutu amagwira ntchito kuposa maso: kulira kwa anyani a m'labotale, kung'ung'udza kwa anthu osandulika aja amene amakupepesani uku akukumenyani, mawu aulemu a loboti yomwe ikungofuna kukuyandikirani kuti iphulike. Ngakhale ndalama za m'gemu, ma nanite, zimakupanikizani, chifukwa omwewo ndi ogulira zipolopolo, olipira pohaka, ndi okuukitsani pa makina a deki iliyonse mukafa, ngati munakumbukira kuwayatsa. Nkhani mumaimva kudzera m'mawu ojambulidwa amene akufa anasiya, ndipo SHODAN, kompyuta yodziyesa mulungu, akadali mmodzi mwa adani osaiwalika m'magemu onse. Amene sanasewerepo asafufuze zambiri za iye asanafike pa deki ya Operations.

Koma m'chombomo mulibe woti mukambirane naye, ndipo nkhani njimodzi kwa aliyense. Deus Ex ili ndi anthu amoyo: ogwira ntchito ku UNATCO (bungwe lolimbana ndi zigawenga limene JC amaligwirira ntchito), osowa pokhala a ku Battery Park ndi Hell's Kitchen mumzinda wa New York, amalonda a ku Hong Kong, obisala m'mapanga a pansi pa Paris. Amakumbukira zimene mwachita. Mukapha anthu ambiri pa ntchito yoyamba, Paul amakudzudzulani pamene ena amakuyamikirani. M'ndege ya pa bwalo la LaGuardia mumalamulidwa kupha mkaidi, ndipo gemu inakonzekera zonse: kumvera, kukana, ngakhale kutembenukira wokulamulaniyo. Ufuluwu uli ndi malire, pakuti msana wa nkhani susintha ndipo mathero atatu onse amasankhidwira m'gawo lomaliza ku Area 51. Mawu a anthu ena a ku Hong Kong ndi ku Paris anajambulidwa mosasamala, ndipo zithunzi zinkaoneka zachikale ngakhale m'chaka chimene inatuluka.

Kumapeto onse awiri amafooka, koma System Shock 2 imagwa kwambiri. Madeki asanu ndi limodzi a Von Braun anamangidwa mwaluso, moti mumayenda chokwera ndi chotsika pa chikepe ngati m'nyumba imene mwaizolowera. Pali pena potopetsa, monga kusakasaka manambala obisika m'zithunzi za pakhoma pa deki ya Recreation, koma n'zopiririka. Mukawolokera m'chombo cha Rickenbacker njira zimapanikizika ndi kusokoneza, ndipo gawo la m'mimba mwa chilombo chachikulu lili ndi kulumphalumpha kumene injini ya gemuyi siinapangidwire. Kumeneko simungabwererenso kukatenga zimene munasunga, choncho musanachoke ku Von Braun nyamulani zipolopolo zong'amba mnofu ndi mankhwala onse amene mungathe. Deus Ex, yomwe ndi yaitali kwambiri, imangochepa anthu olankhula nawo m'magawo omaliza n'kusanduka makonde a asilikali ndi maloboti, koma njira zambiri zija zimakhalapobe mpaka pomaliza.

Poyendetsa pa kompyuta ya masiku ano, System Shock 2 yakale inakonzedwa ndi chigamba cha NewDark chimene chinatuluka mu 2012, ndipo Nightdive Studios inatulutsa mtundu wokonzedwanso mu 2025. Deus Ex yakale imafuna kuigwiragwira pang'ono: popanda pulogalamu yoyambitsira ndi yojambulira zithunzi yatsopano, monga za Kentie, imatha kuoneka yakuda kwambiri kapena kuthamanga liwiro losayenera. Zosintha zikuluzikulu monga GMDX ndi Revision zisiyeni kaye mpaka ulendo wachiwiri, chifukwa zimasintha malo, adani ndi kagwiridwe ka zida, ndiye simudziwa kuti cha eni ake ndi chiti. M'magemu onse awiri konzani mabatani a kiyibodi musanayambe, makamaka osuzumira pakona ndi onyonyomala.

Amene sanalawepo mtundu uwu ayambe ndi Deus Ex pa mlingo wa Medium, apirire Liberty Island, ndipo asaiweruze asanafike ku Hell's Kitchen. Imakhululuka zolakwa ndipo imaphunzitsa chizolowezi choyang'ana chipinda kaye musanakoke mfuti, chomwe mudzachifune kwambiri m'chombo muja. Amene akufuna mantha, ndipo sadandaula kuwerenga zipolopolo chimodzichimodzi, apite ku System Shock 2 pa Normal, atenge Navy, asankhe mtundu umodzi wa zida n'kuukakamira mpaka mlingo wa 6, ndipo sipanala asachisiye pansi.