Nyali za xenon zoikira pa Hilux: zomwe ndaona patatha miyezi isanu ndi umodzi

Ntchito yanga imandiyendetsa kawirikawiri pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo maulendo ambiri ndimanyamuka dzuwa litapendeka, moti ndikamadutsa pa Kasungu kumakhala kukuchita chisisira, ndipo ku Jenda ndi ku Chikangawa ndimafikako mdima utagwiratu. Galimoto yanga ndi Toyota Hilux ya 2007, yomwe nyali zake zazikulu zimalowa babu la halogen la H4, babu limodzi lokhala ndi dimu ndi fulu momwemo, ndipo pabampa pali nyali ziwiri zing'onozing'ono zoyendera m'chifunga. Kwa nthawi yaitali ndinkadandaula kuti nyalizi zafooka, mpaka tsiku lina nditatsala pang'ono kugunda ngolo yopanda chonyezimira chilichonse kumbuyo, ndinaganiza zogula zida za xenon zomwe zimagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto. Ndinagula mabokosi awiri, lina la nyali zazikulu ndi lina la zam'munsi, onse opanda dzina la kampani yodziwika, ongolembedwa 55W ndi 6000K m'zilembo zikuluzikulu.

M'bokosi lililonse munali mababu awiri, timabokosi tiwiri tachitsulo totchedwa ballast, ndi mawaya. Babu la xenon silikhala ndi kawaya koyaka ngati la halogen. M'kati mwake muli kabotolo kakang'ono kagalasi kodzaza mpweya wa xenon ndi michere yazitsulo, ndipo kuwala kumachokera ku moto wamagetsi womwe umalumpha pakati pa timitu tiwiri tazitsulo. Kuti motowo ulumphe koyamba pamafunika mphamvu yoposa mavoti 20,000, yomwe batire la mavoti 12 silingapereke, ndipo imeneyo ndiyo ntchito ya ballast, yomwe ikayatsa babu imatsitsanso mphamvuyo kufika pa mavoti pafupifupi 85. Luso limeneli si lachilendo, poti BMW inayamba kuliika pa galimoto zake za 7 Series mu 1991, ndipo manambala ake ndi okopa ndithu: babu la xenon lakufakitale la mawati 35 limatulutsa kuwala kwa ma lumen (muyezo wa kuchuluka kwa kuwala) pafupifupi 3,200, pomwe dimu ya H4 imadya mawati 55 n'kupereka ma lumen pafupifupi 1,000 okha. Manambala amenewa ndi amene anandigulitsa zidazi, ndipo si abodza, koma sanena komwe kuwalako kumapita.

Kuika kunatenga masana onse. Wokonza zamagetsi a galimoto amene anandithandiza anaboola zivindikiro zarabala zakumbuyo kwa nyali kuti mawaya adutse, zomwe ndinadzazindikira pambuyo pake kuti zinatsegulira njira fumbi ndi chinyezi. Anaikanso relay, kaswichi koyendera magetsi, ndi waya wochokera kubatire wokhala ndi fyuzi yakeyake, chifukwa ballast imakoka magetsi ambiri pa masekondi oyamba, ndipo mawaya akale a galimoto sapirira. Pa ichi ndimamuyamikira, popeza ndaona galimoto zina zomwe anangolumikiza molunjika, nyali zake n'kumaphethiraphethira ngati zikufuna kuzima.

Usiku woyamba ndinasangalala kwambiri. Msewu wapafupi ndi galimoto unayera mbee, udzu wam'mbali unkaoneka tsamba lililonse, ndipo zikwangwani zinkanyezimira ndili kutali. Koma ndisanafike n'komwe pa Mponela ndinali nditaona kuti pafupifupi galimoto iliyonse yobwera kutsogolo ikundiwalitsira fulu, ngakhale ine ndinali pa dimu. Poyamba ndinkati madalaivalawo sanazolowere kuwala koyera, koma dalaivala wina wa lole atandiyatsira nyali zake zonse osazimitsanso mpaka titadutsana, ndinaima pambali, n'kutsika, n'kuyenda mapazi makumi angapo kutsogolo kwa galimoto yanga kuti ndidzionere ndekha. Zinandithobwa m'maso moti sindinkatha kuona ngakhale m'mphepete mwa phula pomwe ndinaima. Ndinaganizira wa kabaza amene akupalasa njinga moyang'anana nane ali ndi munthu kumbuyo, m'mbali mwake muli chidzenje, ndipo chimwemwe chija chinathera pomwepo.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka nyaliyo, ndipo apa m'pamene ogulitsa safotokoza. Mbale yonyezimira ya m'kati mwa nyali ya halogen inaumbidwa mowerengera kawaya kamodzi kowongoka, kokhala pamalo amodzi enieni, ndipo mbali iliyonse ya mbaleyo imatenga chithunzi cha kawayako n'kuchiponya pamalo ake pamsewu. Pa H4 palinso kachikho kachitsulo pansi pa kawaya ka dimu, komwe kamatchinga kuwala kuti kusakwere m'mwamba, n'chifukwa chake mukawalitsa pakhoma mumaona mzere woduka bwino, pansi pali kuwala, pamwamba pali mdima. Popeza kuno timayenda kumanzere, mzerewo umakwera pang'ono mbali yakumanzere kuti uunike oyenda pansi ndi zikwangwani, pomwe kumanja umakhala wotsika kuti usavutitse wobwera. Moto wa xenon suwongoka chotero. Umapindikira m'mwamba ngati uta chifukwa cha kutentha, ndipo umawala kwambiri kumapeto ake awiri osati pakati. Mukauika m'mbale yomwe inayembekezera kawaya kowongoka, kuwala kumamwazika: kwina kumakwera m'maso mwa anthu ndi m'mitengo, kwambiri kumathera pafupi ndi bampa, ndipo komwe kumafika patali, komwe dalaivala amakufunitsitsa, sikuchuluka molingana ndi manambala a pabokosi. Nditawalitsa pakhoma la kunyumba, mzere uja unali utasowa, kwatsala chimtambo chowala chopanda malire.

Pali chinyengo china chomwe chinandipusitsa kwa masabata angapo. Pafupi pakawala kwambiri, munthu amamva ngati akuona bwino ndipo phazi limalemera pa mafuta, koma mwanadiso amachepa chifukwa cha kuwalako, ndipo zinthu zakuda zomwe zili patali, monga munthu wovala jekete lakuda kapena mbuzi yogona paphula, zimachedwa kuoneka. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola galimoto imayenda mamita oposa 22 pa sekondi imodzi, choncho kuona bwino mamita khumi apafupi sikupulumutsa aliyense.

Fulu nayo inandikhumudwitsa. Babu la xenon lolowa m'malo mwa H4 lili ndi moto umodzi wokha, ndiye kuti dimu isinthe kukhala fulu, kamaginito kamakoka babu lonse kuti lisunthe pang'ono. Langa lakumanja linayamba kukakamira pa mwezi wachitatu, nyali ina ili pa fulu, ina ili pa dimu. Komanso xenon ikangoyatsidwa imatenga masekondi angapo kuti ifike pa mphamvu yake yonse, choncho kuphethira nyali masana pochenjeza mnzako kumakhala kopanda mphamvu, ndipo kuyatsa n'kuzimitsa pafupipafupi kumafupikitsa moyo wa babu ndi ballast yomwe. Wailesi inayambanso kusokosera nyali zikayaka, makamaka kumalo komwe siteshoni imamveka mofooka.

Kuyesa kwenikweni kunabwera mu June, m'nkhalango ya Chikangawa, chifunga chitatsika mpaka paphula. Aliyense woyenda msewuwu nyengo yozizira amadziwa mmene chimakhalira, monganso chiperoni cha ku Thyolo ndi ku Mulanje. Nyali yoyendera m'chifunga imaikidwa m'munsi dala, ndipo ntchito yake ndi kuponya kuwala kotambalala koma kosakwera, kuti kukwawe pansi n'kuonetsa mzere wapakati ndi m'mphepete mwa msewu. Simafunika kuwala kochuluka, imafunika kuwala kosunga malire. Nditayatsa za xenon zija, timadontho ta chifunga tinabweza kuwala konse m'maso mwanga, ndipo kutsogolo kunaima chikhoma choyera chobiriwira pang'ono ngati utsi. Ndinazizimitsa n'kutsala ndi nyali zazikulu, koma nazonso zinkamwaza kuwala m'mwamba, kotero ndinayenda pang'onopang'ono ngati wonyamula mazira, ndikudalira nyali zofiira za basi yomwe inali patsogolo panga.

Pano ndiyenera kunenapo za nambala ya 6000K, chifukwa ambiri amaiwerenga ngati mphamvu, ndipo ndinamvapo wogulitsa akulimbikitsa munthu kuti atenge 8000K ponena kuti ndiyo yowala kwambiri. Nambalayi imanena za mtundu wa kuwala basi. Halogen imakhala cha m'ma 3200K, xenon yakufakitale cha m'ma 4300K, ndipo nambala ikamakwera kupitirira pamenepo kuwala kumanka kukuchita buluu uku kukuchepa mphamvu. Kuwala kwa buluu kumatopetsa maso ndipo paphula lonyowa kumaoneka ngati kwamezedwa. Ndinasintha mababu am'munsi n'kuika achikasu a 3000K, pokumbukira kuti dziko la France linkalamula nyali zachikasu pa galimoto zake mpaka 1993. Maso anapumulako ndithu, koma kumwazika kuja sikunathe, chifukwa vuto silinali mtundu wokha ayi. Kuwonjezera apo, nyali zam'munsi zimakumana ndi madzi ndi matope kuposa zina zonse, ndipo ballast imodzi inafa titangodutsa pamadzi osafika n'komwe pakati pa tayala.

Sindikunena kuti xenon ndi yoipa. Mlamu wanga ali ndi galimoto yochokera ku Japan yomwe inabwera ndi xenon kuchokera kufakitale, yokhala ndi kagalasi kozungulira ngati diso kutsogolo kwa babu, ndipo nditaiyendetsa usiku ndinaona kusiyana kwakukulu. Mzere wake pakhoma ndi wakuthwa ngati wodulidwa ndi lezala, kuwala kumafika patali, ndipo palibe amene anandiwalitsira fulu ulendo wonse. Popeza ku Japan nakonso amayenda kumanzere, mzerewo umakwerera mbali yoyenera misewu yathu. Opanga amasamala kwambiri za izi moti ali ndi mababu osiyana: D2S ndi la nyali ya kagalasi kozungulira, pomwe D2R ndi la mbale yonyezimira yopangidwira xenon, ndipo lili ndi mizere yakuda yotchinga kuwala kosafunika. Malamulo a ku Ulaya amafuna kuti nyali ya dimu yoposa ma lumen 2,000 ikhale ndi chotsukira galasi komanso chida choitsitsa chokha galimoto ikalemedwa kumbuyo. Hilux yanga ilibe zonsezi, ndipo ndikanyamula matumba a chimanga mphuno yake imaloza kumwamba. Ku Britain, galimoto zamakono zomwe nyali zake za halogen zaikidwa mababu a xenon zimalephera mayeso a MOT, oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo ku America zida zoterezi sizivomerezedwa pa misewu ya anthu onse.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi ndinachotsa zonse n'kuyamba kufufuza chomwe chinafooketsa nyali zanga poyamba, chinthu chomwe ndikanayenera kuchita ndisanawononge ndalama. Magalasi apulasitiki akutsogolo anali atachita chikasu ndi dzuwa, ndipo titawapala ndi sandipepa yosalala, kuwapukuta n'kuwapaka mankhwala oteteza, anayera ngati atsopano. Kenako tinayeza magetsi ofika pababu injini ikulira, n'kupeza mavoti pafupifupi 12, pomwe pabatire panali 14. Mababu a halogen amayezedwa kuwala kwake pa mavoti 13.2, ndipo magetsi akatsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kuwala kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Tinaika relay ndi mawaya okhuthala oyenera H4, tinagula zivindikiro zatsopano m'malo mwa zobooka zija, ndipo ndinaika mababu a Osram Night Breaker, omwe amawala kuposa wamba ngakhale sakhalitsa ngati iwo. Pomaliza tinaimika galimoto pamalo osalala mamita 10 kuchokera pakhoma n'kutsitsa mzere wa dimu masentimita 10 pansi pa msinkhu wa babu, komwe ndi kutsika kwa 1% komwe kumalembedwa pa nyali zambiri. M'nyali zam'munsi ndinabwezeramo halogen wachikasu. Zonsezi pamodzi zinandidyera ndalama zochepa kuposa mabokosi awiri aja.

Kuwala komwe ndili nako tsopano sikochititsa kaso ngati kwa xenon, ndipo ndivomere kuti ndimakusowa kuyera kuja ndikamalowa m'tauni. Koma wa njinga ndimamuona ali patali kuposa kale, ndipo ulendo wapitawu ndinachoka ku Lilongwe mpaka ku Mzuzu popanda wondiwalitsira fulu. Kwa amene galimoto yake ili ndi mbale yonyezimira ya halogen, makamaka ya H4, zida za xenon zoikirazi sindingamulimbikitse kugula, ndipo m'nyali zoyendera m'chifunga ndikumuletseratu. Amene akufunitsitsa xenon asinthe nyali yonse n'kuika yopangidwira xenon, yoyenera oyenda kumanzere, asankhe mawati 35 ndi 4300K, ndipo asachoke pa galaja asanaione pakhoma. Mabokosi anga awiri aja ali m'chipinda chosungiramo katundu kunyumba, ndipo mnyamata wina woyendetsa minibasi atandipempha kuti ndimugulitse motchipa, ndinamukaniza, chifukwa msewu womwe iye amayendamo usiku ndi womwewo umene ndimadutsa ine.