Ma disiki otchipa a ku CBD, ganizani kawiri abale

Kashopu kena ka mu town kuno ku Johannesburg kakugulitsa ma SSD (ma disiki osungira mafayilo mu kompyuta) opanda dzina lodziwika, pa bokosi palembedwa kuti malo ake ndi 2TB koma mtengo wake wotsika zedi moti munthu umayamba kukayika. Ife tinagula imodzi kuika mu seva (kompyuta yosungira mafayilo) yakale ya HP ProLiant yomwe timasungiramo ma CV ndi zithunzi za makasitomala pa kabizinesi kathu kopulinta ku Yeoville.

Kungoyatsa, mafani anayamba kulira ngati ndege ikufuna kunyamuka. Ma seva amenewa amawerenga kutentha kuchokera pa disiki, ndiye ikakhala yachilendo yosayankha bwino makina amangothamangitsa mafani osapuma, ndipo ikadzavuta nkhani ya support ya HP musayiyembekezere chifukwa siili pa mndandanda wawo wa ma disiki ovomerezeka. Zimenezo tikanapirira. Chonyansa nchakuti titaiyesa ndi H2testw, pulogalamu yaulere ija imadzaza disiki yonse kenako nkuwerenganso, 2TB ija inali bodza, malo enieni ndi ochepa kwambiri, mafayilo amaoneka ngati alowa koma ukatsegula mulibe kanthu.

Kubwerera ku shopu, akuti "no refund boss", warranty ndi yapakamwa basi.

Anzanga a Mac nanunso dziwani kuti pa ma SSD ena osakhala a Apple, TRIM (njira yothandiza disiki kuti isamachedwe) imakhala yozimitsa, mumayenera kuyatsa nokha ndi command ya trimforce. Disiki tinagula ija tikuipatsa nyenyezi imodzi, iyonso ndi ya bokosi lokongola. Onani kaye mndandanda wa ma disiki ovomerezeka a makina anu, ndipo pogula mufunse lisiti.