Kabokosi kowetera nyerere: chisa chake n'chabwino, koma bwalo analipangira nyerere zofatsa

Amene anapanga kabokosi kameneka nkhani ya chinyezi amaidziwa bwino, koma ndikukayika ngati anayamba wawetapo nyerere zosaka. Ine ndikuwetamo mtundu wa Odontomachus, zija za nsagwada zazitali zimene zimayenda zitayasamula kukamwa, zotalika pafupifupi sentimita imodzi. Pa katoni analemba kuti kabokosika n'koyenera nyerere za mtundu uliwonse. Mawu amenewo musawatengere.

Mukatsegula katoni mupezamo chisa cha gypsum (chinthu choyera chonga choko, chomwa madzi) chogobedwa tizipinda, chophimbidwa ndi galasi komanso chivindikiro chofiira, bwalo la pulasitiki loonekera mkati momwe nyerere zimasakiramo chakudya, kapaipi kolumikiza ziwirizi, sirinji yothirira madzi, kabotolo ka fluon (mankhwala opaka pakhoma kuti liziterera) ndi kachitsulo kopanira tizilombo. Kulumikiza sikuvuta, ngakhale mwana akhoza.

Chisacho ndiye palibe chonena. Kabowo kothirira madzi kali mbali imodzi, ndiye gypsum amamwa madziwo pang'onopang'ono, mbali ina n'kukhala yonyowa kwambiri, ina yofunda ndi youmirako. Nyerere zimasankha zokha. Mazira ndi timphutsi zimaunjika kumene kuli chinyontho chambiri, zikwa n'kuzisamutsira kouma. Mukathira madzi madzulo, m'mawa mupeza zasamutsa ana onse usiku, aliyense pamalo pake. Galasi silichita nthunzi yambiri, choncho zonsezi mumaziona bwinobwino. Chivindikiro chofiiracho chimathandizanso chifukwa nyerere siziona bwino kuwala kofiira, ndiye mukhoza kusuzumira osazidzidzimutsa.

Chodandaulitsa choyamba n'chakuti mulibe mchenga, ndipo kapepala ka malangizo sikatchulako n'komwe za mchenga. Kwa nyerere za mtundu uwu, si nkhani yokongoletsa ayi. Kamphutsi kakakhwima kamayenera kuluka chikwa, ndipo kuti ulusi wake ugwire, nyerere zantchito zimakakwirira kaye ndi timchenga kapena tizinyalala ting'onoting'ono. Chikwa chikatha zimakakumba n'kukapukuta. Pansi pakakhala posalala popanda kanthu, kamphutsiko kamangotulutsa ulusi wosagwira paliponse, ndipo kawirikawiri kamafa kapena kudyedwa ndi akuluakulu ake omwe. Thirani mchenga wosalala, wotsukidwa ndi kuumitsidwa bwino, pang'ono pabwalo ndi pang'ono pakhomo la chisa. Zina zonse zidzazitutira zokha mkati.

Tizipinda tachulukanso kwa banja loyamba kumene. Nyerere zikakhala zochepa m'nyumba yaikulu, zipinda zotsalazo zimasanduka dzala. Zimataya mmenemo miyendo ya ziwala ndi makoko a zikwa, ndipo pa chinyezi chotere chuku sichichedwa kumera, kenako nthata n'kubwera. Ine ndinatseka theka la chisa ndi thonje, ndimatsegula pang'onopang'ono banja likamakula. Wopanga akanayikako kachitseko kotsekera, si chinthu chovuta.

Tsopano za bwalo, kumene kuli nkhani yonse. Munthu amaweta nyerere zoterezi kuti aziona zikusaka, ndipo kusakako n'kosiririka. Mukaponyamo kachiswe, nyerere imodzi imayandikira mwapang'onopang'ono, nsagwada zitatambasuka mpaka kuwongoka ngati mzere umodzi, tinyanga tikufufuza kutsogolo. Pakati pa nsagwadazo pali titsitsi titalitali. Tikangokhudza nyamayo, mumamva kaphokoso kakuti thee, ndipo maso anu saona chimene chachitika. Mumangopeza chiswe chagwa chagada, nyerere yapinda mimba n'kuchibaya ndi mbola, kenako ikuchikokera kuchisa. Kumeneko sizitafunira ana. Zimangoika nyamayo pafupi ndi timphutsi, tokha n'kulowetsa mitu n'kumadya.

Liwiro la nsagwadazi linayezedwa. Mu 2006, wasayansi Sheila Patek ndi anzake anajambula mtundu wa Odontomachus bauri ndi makamera othamanga kwambiri, ndipo anapeza kuti nsagwada zake zimatsekeka pa liwiro lofika mamita 64 pa sekondi, pafupifupi makilomita 230 pa ola. Anaonanso kuti nyerereyi ikamenya pansi kapena chinthu cholimba, mphamvuyo imaiponya m'mwamba masentimita pafupifupi 8, kapena chopingasa mpaka pafupifupi masentimita 40. Ndiye tayang'anani khoma la bwalo la kabokosika. N'lalifupi moti nyerere itaima pa kamwala kapena kamtengo kamene mwaikamo, kudumpha kamodzi kokha yatuluka. Fluon amene anaikamo ndi wabwino ndithu, mukapaka m'mphepete khomalo limaterera ndipo nyerere yokwera imagwa. Koma fluon saletsa nyerere youluka m'malere. Chivindikiro chizikhala chotseka nthawi zonse, ndipo potsegula muzichita mofatsa, chifukwa zikadzidzimuka m'pamene zimayamba kuthetheka.

Chivindikirocho chili ndi vuto lakenso. Waya wa sefa wolowetsa mpweya ndi wa maso akuluakulu. Nyerere sizidutsa, koma tintchentche ta zipatso, timene ndi chakudya chabwino kwa banja laling'ono, timatuluka ngati palibe chotchinga. Ndinamatapo kansalu kopyapyala pansi pa sefayo ndipo vutolo linatha. Komanso bwalolo n'lopanikiza. Nyerere zodya njere zikhoza kukhutira nalo, koma mlenje amafuna poyenda, ndipo kachiwala kamoyo m'malo ochepa chonchi kamangogundagunda nyerere mpaka zonse kuthawira m'chisa. Ngati muli ndi bokosi lina lalikulu la pulasitiki, boolani n'kulumikiza, kapaipi kake n'kosavuta kusinthitsa.

Kapepala ka malangizo kamanenanso kuti mfumukazi yatsopano, nyerere yaikazi yoikira mazira, muitsekere m'chubu cha galasi chokhala ndi madzi kuseri kwa thonje, osaipatsa chakudya mpaka antchito oyamba atabadwa. Zimenezo n'zoona kwa mitundu yambiri, imene mfumukazi imalera ana oyamba ndi mafuta a m'thupi mwake. Kwa Odontomachus n'kupha. Mfumukazi yake imatuluka kukasaka yokha, choncho chubucho chiikeni chotsegula m'bwalo ndipo muziiponyera tizilombo ting'onoting'ono. Nyama kwenikweni ndi ya ana. Zikuluzikulu zimafunanso madzi a shuga kapena kadontho ka uchi wosungunula, pa kathonje kuti zisamire. Tizilombo togwira panja muzitiyika kaye mufiriji yoziziritsa kwambiri kuti nthata zife, ndipo chilichonse chochokera pamalo popoperedwa mankhwala chisayandikire. Mphemvu imodzi yodya poizoni ikhoza kumaliza banja lonse.

Kachitsulo kopanira kaja n'kakafupi kwambiri. Nyererezi zimaluma, ndipo mbola yake imawawa ngati ya mavu aang'ono. Pochotsa zotsalira, zimene muyenera kuchotsa tsiku lisanathe, chala chimafika pafupi kwambiri ndi eni nyumba. Pezani chachitali.

Wina anandifunsa ngati angawetemo linthumbu, poti nalonso ndi losaka. Ayi ndithu. Banja limodzi la linthumbu limafika mamiliyoni, limasamukasamuka, ndipo palibe bokosi limene lingalisunge. Kabokosika n'koyenera banja laling'ono lokhazikika malo amodzi. Ngati mukufuna mtundu wochokera kudziko lina, yambani mwafufuza malamulo a kumene mukukhala, poti mayiko ambiri amaletsa kulowetsa tizilombo tamoyo popanda chilolezo, ndipo mukatopa nazo musakazitaye kutchire.

Kodi ndingakagulenso? Chifukwa cha chisa, inde. Koma amene akufuna kuwetamo nyerere zosaka akonzeretu mchenga, kansalu ka pa sefa, chopanira chachitali ndi bwalo lina lokulirapo nyerere zisanafike, ndipo kapepala ka malangizo kaja asakatsatire pa nkhani ya mfumukazi.