Makiyi a besi yakale: kukonza omwewo kapena kumanga atsopano?

Gitala ya besi yakale ikayamba kutaya chuni, ambirife timathamangira kuloza chala makiyi, tizitsulo tochunira nsambo tija. Anzanga oyimba besi, musanamasule kanthu tayang'anani kaye kwina. Makiyi akale a mabesi a kampani ya Fender ali ndi giya yoonekera kumbuyo kwa mutu wa gitala, ndipo giyayo imazunguzidwa ndi kachitsulo kopota kochokera ku chogwirira. Mapangidwe amenewa salola kuti nsambo, ngakhale ikoke chotani, ibweze kiyi m'mbuyo. Nthawi zambiri wolakwa amakhala nsambo yokulungidwa mwachisawawa, kapena mpata wothina pa nut (kachidutswa ka mipata kodutsamo nsambo, kumapeto kwa khosi la gitala pafupi ndi mutu) pomwe nsambo imakakamira kenako n'kudumpha. Komanso pochuna tizifika pa noti tikukwera. Mukapitirira, tsitsani pansi ndithu n'kukweranso.

Ngati vuto lilidi pa makiyi, njira zilipo zitatu, ndipo ine mtima wanga uli pa yoyamba.

Yoyambayo ndi kukonza omwe alipowo. Besi ya Fender yotchedwa Precision Bass inatuluka mu 1951, inzake Jazz Bass mu 1960, ndipo mabesi a Fender opangidwa kampani ya CBS isanagule Fender mu 1965 anali ndi makiyi a kampani ya Kluson otembenuka chobwerera. Munthu wozolowera makiyi amakono akagwira, amaona ngati wina anawamanga molakwika. Sanalakwitse, anabadwa choncho. Makiyi amenewa ndi chitsulo chokutidwa ndi nickel, ndipo chimene chimawapha kawirikawiri ndi girisi wakale amene anauma n'kusakanikirana ndi fumbi. Chotsani nsambo, masulani screw yaikulu yogwira giya, ndipo zida za kiyi iliyonse muziike m'kambale kakekake, chifukwa mano a giya iliyonse anadyana kale ndi kachitsulo kake kwa zaka zambiri. Mukasinthanitsa, kiyi imene inali yofewa ikhoza kuyamba kulimba. Tsukani ndi parafini ndi mswachi wakutha, pukutani ziume, pakani girisi pang'ono chabe pamano ndi pomwe chitsulo chimazungulira. Girisi wambiri amangoitana fumbi. Dzimbiri lapamwamba limachoka ndi steel wool yofewa kwambiri ya 0000, koma ntchitoyi muichitire kutali ndi gitala, poti tizidutswa take timakamatirira ku maginito a pickup, kachipangizo kotola kulira kwa nsambo. Ndipo musapukute mpaka kuwalitsa ngati sefuliya yatsopano. Kuthimbirira kumeneko ndi mbali ya mtengo wa gitalayo.

Kugwedera nakonso kumachiritsika. Screw ya giya ikakhwefuka, kiyi imazungulira pang'ono osakoka nsambo, ndiye ingomangani mpaka giyayo igwire koma izizungulirabe. Tima screw tinayi togwira kiyi kumutu tikamangozungulira m'thabwa, lowetsani kamtengo kotokosera mano kopaka guluu wa matabwa m'bowomo, dikirani kuume, mumangenso. Chogwirira chopindika pang'ono chimawongoka ngati mwachichotsa pagitala n'kuchipana bwino, koma modekha. Ndinaperekapo kiyi yogwedera chogwirira kwa wowotcherera wina, moto wake unadetsa nickel yense ndi kupinditsa chitsulo, mpaka lero ndimamva kuwawa ndikaiona. Moto wowotcherera mageti si wa zinthu zazing'ono ngati izi.

Pomwe kukonza kumalephera ndi pamene mano a giya anadyeka kapena kuthyoka. Apo mpamene njira yachiwiri imalowa: kugula makiyi atsopano opangidwa motengera akalewo. Kampani ya Gotoh ya ku Japan ili ndi kiyi yotchedwa GBR640, yotembenuka chobwerera ngati Kluson koma yopepuka chifukwa mbali yaikulu ndi aluminiyamu. Hipshot ya ku America ili ndi HB3 ya mabesi a CBS isanabwere, ndi HB2 ya makiyi amene anadza pambuyo pake olembedwa dzina la Fender. Ubwino wake ndi woti amalowa m'mabowo omwewo popanda kuboola thabwa. Komabe yezani musanaitanitse. Bowo lalikulu pa Fender zakale limakhala pafupifupi mamilimita 17.5, koma mabesi otengera Fender opangidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1970 ali ndi miyezo yawoyawo, ndipo katundu woitanitsa kunja akafika osakwana, kumubweza ndi chintchito. Makiyi akale mukawachotsa muwasunge m'kathumba pamodzi ndi ma screw ake, adzafunika tsiku logulitsa gitalayo. Ena amasakasaka kiyi imodzi yeniyeni ya zaka zomwezo pa misika ya pa intaneti ya Reverb kapena eBay. N'zotheka, kungoti mtengo wake umaluma, ndipo pachithunzi simungaone ngati mano ake ali moyo.

Njira yachitatu ndi makiyi amakono opepuka monga Hipshot Ultralite. Amachuna mosalala, ndipo ngati mutu wa besi yanu umakonda kugwera pansi mukaimirira, phewa lanu lamanzere lidzapumako. Koma amamangidwa ndi screw imodzi pamalo ena, kotero muboola bowo latsopano, mabowo anayi akale a kiyi iliyonse n'kutsala poyera, ndipo nthawi zina pamafunika kamphete kochepetsa bowo lalikulu lija. Pa besi yotsika mtengo yoyimbira kutchalitchi sabata ndi sabata, ndingawamange mosazengereza. Pa Jazz Bass ya 1964 ayi, chifukwa GBR640 imakupatsani kupepuka popanda kuvulaza thabwa.

Musanaitanitse chilichonse, masulani kiyi imodzi yokha, ija ya nsambo ya E imene imavutitsa kwambiri, muitsuke, muipake girisi, muibwezere, kenako muyimbe nayo sabata yathunthu.