Otiyeza Covid ku ofesi: ndawaona miyezi khumi, nazi zanga

Anzanga a m'maofesi ena akhala akundifunsa kuti madalaivala athu timawayezetsa kuti akamapita kunja. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, bola ndilembe kamodzi. Zomwe ndinene pano ndi za mu 2021, nthawi yomwe pa zipata za m'malire ankafuna satifiketi ya Covid. Ndimagwira ntchito pa kampani ya mathiraki ku Chirimba, ndipo mapepala onse a ulendo amadutsa pa desiki yanga: mapasipoti, inshulansi, ndalama za m'njira. Chibwerereni mliriwu anandiwonjezera satifiketi ya Covid. Kuyambira Malichi 2021 takhala tikugwiritsa ntchito kachipatala kena kolipira ka mu Blantyre momuno, komwe kamatumiza namwino ndi mnyamata wa ku labu kudzatiyezera pa yadi pathu pomwe. Dzina sinditchula poti zina zomwe ndinene si zokoma.

Poyamba abwana sankafuna kumva za kulipira anthu obwera ku ofesi. Dalaivala aliyense ankapita yekha kukayezetsa, tsiku lonse n'kuthera pa benchi, thiraki ili phee ndi katundu. Chinawatembenuza mtima ndi Januwale 2021. Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. A Mia anali nduna ya zamtengatenga, ya ife tomwe, ndipo pa yadi panali zii ngati pamaliro. Sabata yomweyo anagula ndowa zampopi, sopo, ndi kamfuti koyezera kutentha kwa thupi pa geti. Kenako anandiuza kuti ndifunefune anthu oti azibwera.

Chomwe ndimawakondera anthuwa n'chimodzi, ndipo n'chachikulu: amadziwa kuwerenga maola. Dziko la South Africa litatsegulanso malire ake pa 1 Okutobala 2020, linafuna kuti wolowa asonyeze zotsatira za PCR, mayeso a Covid a ku labu, zosapitirira maola 72. Ambiri timaganiza kuti maolawo amayamba pomwe walandira pepala. Ayi ndithu. Amayamba pomwe kathonje koyezera katuluka m'mphuno mwako. Labu ikachedwa tsiku lathunthu, lako latha limenelo. Tsono ganizirani thiraki yochoka ku Chirimba: Mwanza, Zobue, mlatho wa ku Tete, Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge, paliponse pali mzere wake. Woyenda pa ndege kuchokera ku Chileka maola 72 ankamukwanira bwinobwino. Kwa dalaivala wa thiraki inali nsalu yoperewera, ukafunda kumutu miyendo ili panja.

Tsiku loyamba kubwera, Lolemba, namwino uja asanatsegule n'komwe bokosi lake anandifunsa kuti, "Achemwali, thirakiyi ikunyamuka liti, ndipo ikutulukira chipata chiti?" Ndinati katundu amaliza kupakira Lachitatu. Anatseka bokosi. "Ndiye lero sindiwayeza bambowa. Ndingokudyerani ndalama. Ndibwere Lachitatu 5 koloko m'mawa, zotsatira zikawapeza asanafike ku Mwanza." Anabweradi, kusanache, mvula ikuwaza. Munthu wamalonda kukana ndalama yomwe ili kale m'manja, ku Blantyre kuno, sindinazionepo kawirikawiri. Kuyambira pamenepo ndandanda ya maulendo timaipangira limodzi. Ine ndimamutumizira Lachisanu lililonse mathiraki a sabata yamawa, iye n'kundiuza woyamba kuyezedwa ndi wotsiriza. Opita ku Beira savuta kwenikweni, njira ndi yaifupi. A ku Johannesburg ndiwo amayezedwa injini ikulira kale.

Kayezedwe kake nakonso n'kaukhondo. Amakhala pa khonde, osati mu ofesi, magolovesi amasintha pa munthu aliyense, ndipo kabotolo amalembapo dzina mwiniwake akuona. Kathonje kaja kamapweteka, tisanamizane. Kamalowa mpaka kumene sunkadziwa kuti mphuno ili ndi njira, misozi yokha chuchuchu. Dalaivala wathu wamkulu, yemwe tonse timangomutchula kuti agogo, anafunsa kuti, "Sisita, mukufuna chimfine kapena ubongo?" Koma dzanja la mayiyu n'lopepuka poyerekeza ndi ena omwe ndakumana nawo, ndipo samunamiza munthu kuti sizipweteka.

Anatiphunzitsanso kusiyanitsa mitundu iwiri ya mayeso a Covid, zomwe zatipulumutsira ndalama. Pali kachangu kaja ka mizere iwiri, kotulutsa zotsatira pa mphindi 15 kapena kupitirirako pang'ono. Kameneko n'kabwino pa ofesi, wina akabwera akutsokomola ndipo mukufuna kudziwa lero lomwe ngati abwerere kunyumba. Kamagwira bwino munthu akakhala ndi kachilombo kambiri m'mphuno, koma kakhoza kumuphonya amene wangoyamba kumene. PCR imapita ku labu mu bokosi lozizira, komwe makina amachulukitsa tizidutswa ta kachilomboko mpaka tioneke, ngakhale titakhala tochepetsetsa. N'chifukwa chake imadula, imachedwa, ndipo ndi yomwe ankafuna pa chipata nthawi imeneyo. Abwana ankafuna PCR kwa aliyense, mlonda ndi wophika tiyi omwe. Namwino anawauza kuti palibe chifukwa.

Tsopano zowawa.

Mu Julayi anasinthanitsa manambala awiri a pasipoti pa satifiketi ya dalaivala wina. Ine sindinaone, naye sanaone, anakaona ndi ofisala pa chipata. Nthawi imeneyo mbiri ya masatifiketi achinyengo inali ponseponse, ndiye pepala losagwirizana ndi pasipoti ankaliyang'ana ngati lakuba. Linali Lamulungu. Ndinaimba foni ya kachipatalako kasanu ndi kawiri, osayankhidwa. Nambala ya namwino inali yothima, munthu ali kutchalitchi, ndipo sindimuimba mlandu, si iye amalemba mapepala. Anakonza Lolemba cha m'ma 9 koloko, thiraki itagona pa chipata usiku wathunthu ndipo maola 72 aja atadyeka kale. Anapepesa, inde, koma ndalama ya kugona kwa dalaivala inatuluka m'thumba la kampani yathu. Mukamagulitsa mapepala a anthu apaulendo, dziwani kuti thiraki sidziwa Sabata. Pakhale munthu wogwira foni. Mpaka lero sanamuike.

Chachiwiri chinandipweteka kuposa. Mnyamata wina, wothandizira dalaivala, anamupeza ndi kachilombo ka Covid. M'malo moyamba kumuimbira iye, a ku labu anatumiza pepala lake pa WhatsApp yanga pamodzi ndi a anzake, ngati risiti ya mafuta. Iye anali panja akumanga tenti ya thiraki, akuseka ndi anzake, masiki ili pachibwano. Ndinakhala ine womuitanira pambali. Sindine namwino, sindinadziwe poyambira, ndipo mmene ndinkamuitana yadi yonse inali itazindikira kale. Kampani ndi yomwe imalipira, ndikudziwa, koma thupi ndi la munthu. Nditadandaula anasintha. Masiku ano amayamba alankhula ndi mwiniwake, kumuuza za kubindikira kunyumba ndi zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala, kenako ine amangondiuza kuti uyu asanyamuke.

Nkhani ya mnyamatayu inaulula china chomwe si vuto la kachipatalako koma lathu. Dalaivala amadalira ndalama ya ulendo kuposa malipiro a pamwezi. Akapezeka nako, ulendo wapita kwa mnzake. Ndiye mukuganiza kuti akamva kukhosi kukanda anena? Amamwa mandimu ndi jinja, n'kufika pa geti akumwetulira. Mnyamata uja anachira pasanathe masabata awiri, koma PCR inapitiriza kumupeza nako kwa nthawi ndithu, poti makina aja amaona ngakhale zotsalira za kachilombo kofa kale. Anakhala pansi pafupifupi mwezi. Namwino yemweyu ndi amene anawafotokozera abwana zimenezi, ine ndili pomwepo, n'kuwonjezera kuti, "Bwana, mukapanda kuwapatsa kangachepe akakhala kunyumba, azikubisirani matenda, ndipo adzadwalitsa ofesi yonse." Abwana anang'ung'udza, koma pano wobindikira amalandira theka la ndalama ya ulendo.

Kumapeto kwa Novembala 2021, utamveka mtundu watsopano wa Covid wotchedwa Omicron ku South Africa ndipo Britain n'kuika Malawi pa mndandanda wa maiko omwe anthu ake analetsedwa kulowa m'dzikomo, aliyense mu tauni anafuna kuyezetsa nthawi imodzi. Zotsatira zomwe tinkalandira madzulo a tsiku lomwelo zinayamba kufika mawa lake masana. Apa ndiwayamikire: anatichenjeza okha tisanalipire, osati kulonjeza zomwe sangathe. Tinasuntha maulendo awiri.

Mtengo wake unali wokwera, ndipo ankawonjezerapo ya mafuta a galimoto yawo. PCR ya munthu mmodzi inkaposa theka la malipiro a mlonda wathu, ndipo zinkandichititsa manyazi ndikamasainira cheke iye ali pa geti. Mukakhala ambiri amachotsako pang'ono, koma muyenera kupempha, sanena okha. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba, ndipo risiti imabwera yadongosolo, zomwe a ku akaunti amakonda. Za katemera sachita. Madalaivala athu anakabayitsa AstraZeneca ku zipatala za boma, ulere, ena mochita kuwakoka.

Kodi ndingawalozere anzanga? Ngati muli ndi anthu odutsa malire pafupipafupi, eya, makamaka chifukwa cha namwino uja. Atati wachoka, ndingaganizenso. Ngati ndinu ofesi ya anthu asanu osayenda, musadzivute. Koma musapereke mayina pa foni kapena kuwalemba pamanja, atumizireni chithunzi cha tsamba la pasipoti. Satifiketi ikafika, werengani nambala iliyonse mokweza dalaivala atagwira pasipoti yake, muonenso ola lomwe alemba kuti anamuyeza. Ndipo musalole thiraki kunyamuka Loweruka madzulo musanatenge nambala ya munthu amene angakonze pepala Lamulungu. Ine ndinachita kuipempha kwa mnyamata wa ku labu, ndipo ndinailemba pa khoma, pafupi ndi kalendala.