jamovi inandisiyitsa chizolowezi cha 1.96

Ndisaname, ulesi ndi umene unandifikitsa pa jamovi, pulogalamu ya pakompyuta yosanthula manambala a kafukufuku. Pa maphunziro a kafukufuku amene ndikuchita timafunika kupeza confidence interval (malire awiri oyerekezera pomwe avereji yeniyeni ingakhale) pafupipafupi, ndipo ndinali nditatopa ndi kuyendetsa chala pa tebulo la t lakumapeto kwa buku, lomwe limapereka nambala yochulukitsira popeza malirewo, n'kudzazindikira mochedwa kuti ndawerenga mzere wolakwika. Pulogalamuyi ndi yaulere, imagwira ntchito ndi R (chilankhulo cha pakompyuta chowerengera manambala) mkati mwake, koma simulemba khodi ngakhale mzere umodzi. Manambala mumawalowetsa m'timabokosi ngati mu Excel, kenako n'kudina T-Tests.

Kuti ndiiyese, ndinatenga nkhani ya pakhomo. Kwa masiku 12 ndinkalemba mphindi zimene foni yanga imatenga kuti batire lidzaze. Avereji inali mphindi 94.5, standard deviation (mlingo wa mmene manambala amwazikira kuchoka pa avereji) inali 6. Ndinasankha One Sample T-Test, n'kuchonga Mean difference ndi Confidence interval, ndipo mbali yakumanja kunatuluka 90.7 mpaka 98.3. Ine papepala ndinali nditapeza 91.1 mpaka 97.9. Ndinayamba kuikayikira pulogalamu, pomwe wolakwa ndinali ine. Ndinachulukitsa standard error (standard deviation itagawidwa ndi square root ya 12) ndi 1.96, nambala yomwe inandikhazikika m'mutu, koma imeneyo ndi ya normal distribution, kamwazikidwe ka manambala kooneka ngati belu, osati ya t. Pa miyeso 12 yokha, degrees of freedom (chiwerengero cha miyeso kuchotsapo 1) ndi 11, ndipo nambala yoyenera ndi 2.201.

Chimene chinandikopa kwenikweni n'chakuti zotsatira zimasintha nthawi yomweyo mukakhudza manambala. Ndinayamba kufufuta miyeso umodziumodzi n'kumayang'anitsitsa. Mpata wa pakati pa malire awiri aja unkangotambasuka. Pofika pa miyeso 4, nambala yochulukitsira inali itakwera kufika pa 3.182, ndipo mpatawo unakula moti sukanandithandiza kudziwa nthawi yochotsera foni pa tchaja. Pamenepo ndinamvetsa zomwe mabuku amanena zoti t ili ndi michira yonenepa, kutanthauza kuti manambala akutali ndi pakati amapezeka kwambiri kuposa pa normal distribution. Miyeso ikachepa, ngakhale standard deviation yomwe mwapezayo ndi yongoyerekeza, ndiye t imakukakamizani kuvomereza kuti simukudziwa zambiri. Ikachuluka, mwachitsanzo 30, nambalayo imatsikira pa 2.045, pafupi ndi 1.96 wanga uja.

Nkhani yake ndi yoseketsa ndithu: munthu amene anatulukira zimenezi za t, William Sealy Gosset, ankagwira ntchito pa fakitale ya mowa ya Guinness ku Dublin, komwe ankalimbana ndi miyeso yochepa ngati yangayi. Anazisindikiza mu 1908 pogwiritsa ntchito dzina lakuti Student, n'chifukwa chake mu jamovi mukuona mawu akuti Student's t.

Pali zinanso zothandiza. Pansi pa Assumption Checks mungachonge mayeso a Shapiro-Wilk ndi chithunzi cha Q-Q kuti muone ngati manambala anu sanapendekere mbali imodzi, ndipo poyerekeza magulu awiri mungasankhe Welch's, mtundu wina wa t-test. Matebulo ake ndi oyera, amakopedwa mosavuta kupita mu lipoti.

Koma kumasulira ndi ntchito yanu. Mu lipoti langa loyamba ndinalemba kuti pali mwayi wa 95 peresenti woti avereji yeniyeni ili pakati pa 90.7 ndi 98.3. Aphunzitsi anadula mzere wofiira pansi pake. 95 peresentiyo ikunena za njira yake: mutabwereza kafukufukuyu kambirimbiri, pafupifupi mipata 95 pa 100 iliyonse ikanakola avereji yeniyeni. Mpata wanga umodziwu mwina wakola, mwina waphonya.

Kwa amene mukungoyamba, ndikulangizani kuti muyambe mwawerengera funso limodzi papepala, kenako mulowetse manambala omwewo mu jamovi. Mayankho akasiyana, yang'anani kaye degrees of freedom.