Mpira wa Mikasa V200W m'maso mwa kochi amene kale anali seta

Ndinasewera volleyball ngati seta, wosewera amene amakwezera anzake mpira kuti amenye, mpaka mawondo atayamba kudandaula, ndipo tsopano ndimaphunzitsa atsikana. Mipira yambiri yadutsa m'manja mwangamu, koma V200W wandigwira mtima kuposa yonse. Bungwe loyendetsa volleyball padziko lonse la FIVB linayamba kuugwiritsa ntchito mu 2019, ndipo ndi umene anasewerera pa Olimpiki ya ku Tokyo ndi ya ku Paris.

Khungu lake lili ndi timaenje ting'onoting'ono, moti ngakhale zikhatho zitanyowa ndi thukuta, sukupulumuka. Amene anasetapo akudziwa kuwawa kwa mpira woterera: ukufuna kumukwezera mnzako pafupi ndi ukonde kuti asimashe, iwo n'kuthawira pa chala chachikulu, wezulo n'kulira. Uwu umakhazikika pa zala, umapita kumene wautuma.

Koma chimene ndaukondera kwenikweni ndachiona nditaima kunja kwa bwalo. Uli ndi zigawo 18 zachikasu ndi zabuluu, pamene mpira wakale wa MVA200 umene unalipo kuyambira 2008 unali ndi 8. Mtsikana akamenya sevu yosazungulira ija, imene imagwedezeka m'malere n'kusokoneza wolandira, ndimaona mitundu iwiriyo bwinobwino mpaka mpira utadutsa ukonde. Akangopinda dzanja pang'ono pomenya, mitundu imasakanikirana, ndipo ndimadziwa pompo kuti vuto lili pa mfundo ya dzanja. Sindichita kukuwa zambiri. Ndimangoti, "Mwanawe, unaiona buluu?" Iye amaseka n'kubwereza, chikhatho chitauma gwa. Ndimaganizira za Lang Ping wa ku China, amene anapata mendulo ya golide pa Olimpiki ya ku Los Angeles mu 1984 akusewera mpira woyera, n'kudzapatanso ina ku Rio mu 2016 ali kochi. Makochi a nthawi ya mpira woyera ankafunika maso akuthwa zedi kuti aone zimene ife tikuziona mosavuta.

Dziwani kuti anaupangira bwalo la m'nyumba. Mukamausewera panja pa simenti kapena pa miyala, timaenje tija sitichedwa kutha, choncho ine ndimausunga m'chikwama, panja timagwiritsa ntchito ina. Musaupope mpaka kulimba ngati mwala: mpweya woyenera ndi 0.30 mpaka 0.325 kgf/cm², ndiye gulani kageji kopimira. Kulemera kwake ndi magalamu 260 mpaka 280, komwe kwa ana ongoyamba kumene n'kochuluka. Mikono ikafiira tsiku loyamba ena sabweranso, ndipo zimandipweteka kutaya mwana waluso chifukwa cha zimenezo. Awa ayambe ndi mpira wopepuka.

Samalaninso ndi mipira yabodza, yachuluka. Mitundu imafanana ndithu, koma mukaisisita imaterera ngati pulasitiki, ndipo m'mphepete mwa zigawo mumaoneka guluu. Ugwireni kaye, muudunditse pansi, musanapereke ndalama.